Uthenga wa Ndege Ukufunika Chidindo

Ndege ikamadutsa m'mwamba pa Balaka kapena pa Liwonde, ife timangomva kulira kwake, koma iyo imakhala ikulengeza za ulendo wake. Ndege zambiri zikuluzikulu zili ndi kachipangizo kotchedwa ADS-B. Kameneka kamadziwa pomwe ndege yafika kudzera pa GPS, ndipo kawiri pa sekondi iliyonse kamaulutsa malowo pa wailesi, pamodzi ndi nambala ya ndegeyo. Vuto nlakuti uthengawu umayenda poyera. Aliyense wokhala ndi foni ya intaneti atha kuona ndegezi pa Flightradar24. Ngakhale mawu a woyendetsa ndege akamayankhula ndi nsanja ya ku Chileka sabisika. Choopsa kwambiri, mu 2012 akatswiri ku Las Vegas anaonetsa kuti munthu atha kuulutsa uthenga wa ndege yomwe kulibe, makina nkuulandira ngati woona.

Ena amati mankhwala ake ndi kubisa uthengawo, monga WhatsApp imachitira: mawu amasokonezedwa ndi masamu ovuta, ndipo amawamasula ndi yekhayo amene ali ndi kiyi. Maganizowa ndi omveka, koma ndege zimafunika kumvana zokhazokha kuti zisawombane. Nanga yochokera ku Addis Ababa ikapanda kiyi wa kuno, imva bwanji? Ndiye chofunika si loko ayi, koma chidindo. Kalata ya a mfumu yopita nayo ku banki aliyense atha kuiwerenga, koma chidindo ndicho chimatsimikiza kuti yachokera kwa eni ake. Masamu omwewo atha kudinda uthenga wa ndege. Ena amadandaula kuti kusintha zipangizo m'ndege zonse nkodula, ndiponso uthenga wa ADS-B ndi waufupi moti chidindo chimasowa pokhala. Nzoona, nchifukwa chake oyang'anira ndege amayerekezabe uthengawu ndi zimene rada ikuonetsa.

Bodza ngati la ndege yomwe kulibe si lachilendo kwa ife. Uthenga uja umabwera pa foni wakuti wina watumiza ndalama molakwitsa, mumubwezere, ndi ndege yabodza yomweyo. Umaoneka ngati wa kampani ya foni, chonsecho walembedwa ndi wakuba. Musathamangire kubweza. Yambani mwaona nokha ndalama zomwe zatsala mu Mpamba kapena Airtel Money. Nambala yanu yachinsinsi musaiuze munthu, kaya ndi ejenti, kaya ndi mwana amene amakuwerengerani mauthenga, ndipo musailembe kuseri kwa foni. Ngati wina akuidziwa kale, isintheni lero lomwe.