Thandizo la Ndalama kwa Mabungwe Ophunzitsa Sayansi

Thandizo limene Boma kapena mabungwe achifundo amapereka kwa kabungwe ka m'mudzi si ngongole ayi. Simubweza, koma muyenera kulongosola bwino za tambala iliyonse.

Kodi thandizo lotere lipindulanji? Taonani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala itavuta mu 2002, iye analeka sukulu posowa fizi. M'kanyumba kobwereketsa mabuku anapezamo buku lotchedwa Using Energy, ndipo ataliphunzira anapanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zakutha za njinga, nayatsa magetsi kwao. Mabukuwo inali mphatso yochokera ku America.

Aphunzitsi ndi makolo ofuna kupempha thandizo, chitani izi:

1. Sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo mulembe malamulo a kabungweko.
2. Tsegulani buku ku banki. Osayina akhale awiri kapena atatu.
3. Lembani zimene mufuna kugula, monga mabuku, mabatire ndi mawaya, pamodzi ndi mitengo yake.
4. Sungani malisiti onse, ndi kutumiza lipoti pa nthawi yake.

Kumbukirani kuti kabungwe kosowa malisiti sikakhulupiridwanso, ndipo omanidwa nzeru adzakhala ana anu omwe.