Kupanga gitala ya besi yopepuka pakhomo

Besi ya m'sitolo, ya mtundu umene unayamba ndi Fender Precision mu 1951, imalemera makilogalamu 4 kapena kuposerapo. Pa sikelo ndi zochepa, koma funsani mnyamata woyimbira kwaya ya tchalitchi kapena bandi ya pa zikwati, amene amaima nayo maola atatu mu Okutobala kuno ku Mangochi dzuwa likuswa mtengo, kenako n'kuikweza pa kabaza kubwerera kwawo. Phewa limachita dzanzi. Mtengo wake nawo ndi wosayamba. Komatu kalipentala wodziwa kupala chitseko chosapotoka angathe kupanga besi ya makilogalamu 3, ndipo inunso mungathe ngati muli ndi macheka, pulena, tchizulo, dirilo ndi mtima wosapupuluma.

Kudzipangira besi si zachilendo kwathu kuno. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene Gerhard Kubik anakumana nawo mu 1967, ankayimba kwela ndi besi ya nsambo imodzi yopanga okha. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay wayenda maiko ndi babatoni wake wautali, wa waya wa m'tayala ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo Yobu Maligwa wa Madalitso Band anakwera naye babatoni pa nsanja ya Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Koma babatoni ali ndi nsambo imodzi, ndipo mtengo wake ukapindika pang'ono woyimba amangosuntha dzanja. Besi ya nsambo zinayi ilibe chifundo chotero. Nsambo zake zikamangidwa zimakoka khosi usana ndi usiku ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ndiye lamulo la ntchito yonseyi ndi ili: kulemera muchotse m'thupi la gitala, khosi musaliseweretse.

Musanadule thabwa, sankhani utali wa nsambo, kuchokera pa nati, kafupa ka kumutu kaja, kufika pa buliji pomwe nsambo zimatsamira. Besi zambiri ndi za mamilimita 864. Ine ndikukulangizani mamilimita 762, utali wa Höfner imene Paul McCartney anatchuka nayo, yomwe ndi yamphako ndipo siifika makilogalamu 3. Khosi lalifupi sililemera, nsambo sizilikoka kwambiri, ndipo zala za mwana wa sukulu kapena za mayi wa m'kwaya zimafikira bwino. Mawu ake amakhala onenepa, osathwa kwambiri, ndipo m'nyimbo zathu zambiri ndi zomwe makutu amafuna kwa besi.

Thupi lipangeni ndi malaina. Mtengowu ndi wopepuka, supotoka ukauma, umapalika mosavuta, ndipo ndi wodzalidwa ndi anthu, choncho simukulowa nawo m'milandu. Paini wopanda mfundo angagwirenso ntchito. Bulugamu musiyeni, ndi wolemera ndipo amang'aluka. Khosi limafuna mbawa kapena mlombwa, koma musatume munthu kukagwetsa mtengo ku Namizimu kapena ku Phirilongwe. Nkhalango zimenezo ndi zotetezedwa, lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndiponso thabwa laliwisi silingakuthandizeni n'komwe. Funani chitseko chakale, mwendo wa bedi lothyoka kapena felemu ya zenera yomwe yakhala m'nyumba zaka makumi awiri. Thabwa lotere linamaliza kale kupotoka kwake konse. Muliyang'ane bwino ngati lilibe timabowo ta afumbwe, ndipo muzule misomali yonse pulena isanaipeze.

Za kuuma kwa matabwa musazitenge mopepuka kuno kunyanja. Akalipentala amawerengera chaka chimodzi pa thabwa lochindikala mamilimita 25, litasanjidwa pamthunzi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa. Malaina amachedwa kuuma mkati ngakhale kunja akuoneka ouma. Kumata ndi guluu kuchitike m'miyezi ya mwera kapena m'chilimwe, pakati pa Juni ndi Okutobala. Mukamata mu Januwale, thabwa litamwa chinyezi, mudzaona ming'alu dzuwa likabwerera.

Yambani ndi khosi, poti likakanika palibe chifukwa chovutikira ndi zinazo. Dulani timatabwa titatu totalika mamilimita 750, mutembenuze kapakati kuti mizere ya mtengo iyang'ane mbali ina, ndipo mutimate pamodzi ndi guluu woyera wa matabwa. Guluu wa nsapato uja ayi, amatamuka kukatentha. Ngati mulibe makilampu, kulungani malegeni mothinitsa kuchokera kumutu mpaka kumapeto, musiye tsiku lathunthu. Timatabwa titatu totsutsana timagwirana, kena kakafuna kupindika tinzake timakakaniza.

M'besi za m'fakitale mumakhala chitsulo chomanga ndi sipanala chowongolera khosi. Mukachipeza m'besi yakufa, chigwiritseni ntchito. Mukapanda kuchipeza, pitani kwa owotcherera mageti mukagule chidutswa cha paipi yachitsulo ya makona anayi, ya mamilimita 12, yotalika theka la mita. Imalemera magalamu 200 okha. Ichi si chinyengo cha amphawi: kampani ya Martin ku America inaika paipi yotere m'makosi a magitala ake kuyambira 1967 mpaka m'ma 1980. Gobani ngalande pakati pa khosi ndi tchizulo, yokwana paipiyo ndendende, chotsani dzimbiri ndi sandipepa, muimate ndi guluu wa epokisi, wosakaniza machubu awiri uja. Ikhale yofanana ndi pamwamba pa thabwa, isatumphuke. Pamwamba pake matani thabwa lolimba la mamilimita 6, la mlombwa kapena muwanga, pomwe zala zidzaponda.

Kenako sema. Pa nati khosi likhale mamilimita 40 m'lifupi, kumapeto kolowa m'thupi 62. Kuchindikala kusatsike pa mamilimita 24, apo ayi mutulukira pa paipi ija. Kumbuyo kuzungulitseni ndi tupa ndi sandipepa, mukuligwiragwira m'manja, koma mamilimita 80 akumapeto muwasiye a makona. Mutu ukhale waufupi, makiyi otchunira nsambo awiri uku awiri uku, osati anayi mbali imodzi. Mutu wautali ndi umene umagwetsa khosi pansi woyimba akangochotsa dzanja. Ngati mutuwo ndi wosapendekera kumbuyo, mangani kachitsulo kopingasa kuseri kwa nati kuti kazipanikiza nsambo.

Pa mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi tija, anthu timasiyana maganizo. Waya wake weniweni sapezeka wamba, ndipo ena amakhomerera masipoko a njinga. Masipoko amadya nsambo, salingana msinkhu, ndipo limodzi likangokwera pang'ono besi yonse imalira ngati yosweka. Pa besi yoyamba ndikuti musaike mafureti. Chekani timizere tosaya pomwe akanakhala, mulowetsemo tizidutswa ta pulasitiki yoyera, mupale mpaka pasalale. Woyimba amaponda pamzere penipenipo. Jaco Pastorius anazula mafureti pa Fender Jazz yake ya 1962 n'kupaka epokisi wa maboti kuti nsambo zisakumbe thabwa, ndipo inu muli m'dera la okonza maboti, kuyambira ku Mpwepwe mpaka ku Monkey Bay. Pakani kawiri kapena katatu, mukupala ndi sandipepa wosalala pakati pake.

Malo a mizere sayerekezedwa ndi maso. Gawani utali wa nsambo ndi 17.817, yankho lake ndi mtunda wa mzere woyamba. Chotsani mtundawo pa utali uja, mugawenso zotsalazo ndi 17.817, n'kumapitiriza choncho. Pa mamilimita 762, kuyeza konse kuchokera pa nati, mzere woyamba uli pa 42.8, wachiwiri pa 83.1, wachitatu pa 121.2, wachinayi pa 157.2, wachisanu pa 191.1, wa 7 pa 253.4, wa 9 pa 308.9, ndipo wa 12 pa 381, pakati penipeni. Mukawerengera nokha n'kupeza kuti wa 12 sanagwere pa 381, pali pomwe mwaphonya. Yezani ndi lula yachitsulo, nthawi zonse kuchokera pa nati, osati kuchokera pa mzere wapitawo, kuti kulakwitsa kusaunjikane. Tepi ya atelala imatamuka.

Thupi ndiye pochotsera kulemera. Lumikizani matabwa awiri a malaina kuti mupeze chipande cha masentimita 50 m'litali, 32 m'lifupi, chochindikala mamilimita 34. Jambulani maonekedwe ake pa katoni kaye. Nyanga yam'mwamba, pomwe lamba amakoledwa, ifike molingana ndi mzere wa 12 khosi likalowa. Thupi lopepuka lokhala ndi nyanga yaifupi limatopetsa kuposa besi yolemera, chifukwa dzanja lamanzere limakhala likunyamula khosi m'malo moyimba. Lembani mzere wapakati, musiye msana wa masentimita 10 m'lifupi wosagoba kuchokera kukhosi mpaka kumchira, chifukwa buliji, pikapu yogwira mawu a nsambo ndi khosi zonse zikhala pamenepo. Mbali ziwirizo boolani mabowo oyandikana ndi dirilo, mugobe zotsala ndi tchizulo, kusiya makoma a mamilimita 15 m'mphepete ndi 6 pansi. Musanatseke, pitirizani kangalande ka mawaya kuchokera pa malo a pikapu kupita ku mphako yam'munsi. Tsekani pamwamba ndi thabwa la mamilimita 6, ndipo kumbuyo mudule kachitseko kofikira mawaya. Thupi lomwe likanalemera makilogalamu 2 litsika kufika pafupifupi 1.3.

Polowa khosi gobani mamilimita 16, mothina moti khosi lizilowa mokankha. Musanaboole mabowo a masikuluu anayi olimangira, kokani ulusi uwiri m'mphepete mwa khosi mpaka kumchira, muone ngati mzere wapakati uli pakati pawo. Mukaphonya apa nsambo ya G izidzagwera kunja kwa khosi. Kenako yezani mamilimita 762 kuchokera pa nati, mulembe malo a buliji. Nsambo ya G imatsamira pafupifupi pamzerewo, zinazo zimabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ya E mamilimita 5 kapena 6. Zitalikirane mamilimita 19. Buliji mungaipange ndi chidutswa cha aluminiyamu chopindika, nsambo zikutsamira pa bawuti yopingasa.

Ndalama zanu zipite pa zinthu zitatu: nsambo, makiyi ndi pikapu. Waya wa mabuleki a njinga yamoto amalira ndithu, koma E wa besi amanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo kuti afike pansi chotero amafunika nsambo yokulungidwa. Makiyi a gitala wamba sangapirire. M'matchalitchi ndi m'nyumba za oyimba akale muli besi zothyoka khosi zongosungidwa kuseri kwa kabati, ndipo imodzi yotere ikupatsani makiyi, pikapu, buliji ndi jeki pamtengo wachibale. Nsambo zogula ku Blantyre kapena ku Lilongwe nthawi zambiri zimakhala za besi yaitali. Mukaziika momwemo, mbali yonenepa ya E idzakulungika pa kiyi ndipo ingathe kuduka. Njira yake ndi kukolera nsambo masentimita 10 kuseri kwa buliji, pa kachitsulo kena komangidwa kumchira, kuti utali wotsalawo uthere kumeneko.

Pikapu ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa woonda kuposa tsitsi, wa mamilimita 0.06, maulendo 8,000 mpaka 10,000. Alipo amene amakulunga okha ndi makina osokera, koma wayayo akaduka pa ulendo wa 6,000 mudzalira. Timbale ta piezo ta m'mabelu amagetsi timagwira mawu, koma opyapyala, ndipo pa thupi lamphako timayambitsa kulira kwa sipika. Pezani pikapu ya maginito, muiike masentimita 12 kuchokera pa buliji. Waya wake wamoto apite pa volyumu ya 250k, kuchokera apo apite pa jeki ya mamilimita 6.35. Toni mungaisiye, ampulifaya ili nayo kale. Mphako ya mawaya muiyale ndi pepala la aluminiyamu, ndipo pepalalo, chikwama cha volyumu ndi buliji zonse zilumikizidwe ku mwendo wa ethi wa jeki. Mukaiwala waya wa ku buliji besi idzangoti ng'ung'ung'u osaleka. Wokonza mawailesi pamsika angakumatireni zonsezi ndi mtovu m'mphindi zochepa.

Waya wa ku buliji yemweyo ndi amene amafuna kusamala, chifukwa amalumikiza zala zanu ku chitsulo cha ampulifaya. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Ampulifaya yowonongeka mkati, yolowetsedwa m'soketi ndi mawaya awiri opanda pulagi, kapena yoyendera jenereta yopanda ethi, ingapititse magetsiwo m'nsambo. Woyimba ali chosavala nsapato pamchenga wonyowa, pakamwa pali pa maikolofoni, imeneyo ndi imfa. Gwiritsani pulagi ya mano atatu yolumikizidwa bwino, khudzani nsambo ndi tesita musanazigwire, ndipo mukamva kuluma ngakhale pang'ono zimitsani. Ampulifaya ya batire ya mavoti 12 yotchajidwa ndi sola, yopanda inveta, ilibe vuto limeneli. Sipika ikhale ya mainchesi 10 kapena 12, ya wailesi ing'ambika tsiku lomwelo.

Popaka, vanishi wopyapyala katatu akukwana, ndipo mupake paliponse, ngakhale polowa khosi ndi kumapeto kwa matabwa, pomwe chinyezi chimalowera. Nati isemeni ndi fupa la mwendo wa ng'ombe lowiritsa ndi kuumitsa. Mangani nsambo pang'onopang'ono, E, A, D, G, mothandizidwa ndi pulogalamu yotchunira ya pa foni, kenako musiye besiyo masiku atatu kuti khosi likhazikike. Pa mzere wa 12 nsambo ya E italikirane ndi thabwa mamilimita 2.5, ya G mamilimita 2. Zikakwera kwambiri, masulani khosi mulowetse kachidutswa ka khadi kumapeto kwa mkati kwa malo olowa khosi. Pomaliza pondani pa mzere wa 12: foni iyenera kuonetsa chilembo chomwecho cha nsambo yosaponda, pakati penipeni; ikaonetsa kuti mawu akwera kuposa pamenepo, bwezani potsamira nsamboyo m'mbuyo, akatsika musunthire kutsogolo, n'kutchunanso mpaka zigwirizane pa nsambo zonse zinayi.