Nyali zothwanima za Khrisimasi: zimachita chiyani mu ubongo wa wogula?

Novembala akamapita kumapeto, masitolo akuluakulu a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amasintha nkhope. Pakhomo pamaima mtengo wa pulasitiki, m'mawindo mumathwanima tinyali, ogulitsa ena amavala zipewa zofiira, ndipo nyimbo za Khrisimasi zimalira kuyambira potsegula mpaka potseka. Tadzifunsani: mwini sitolo amawerengera tambala iliyonse, nanga bwanji amataya ndalama pa zinthu zimene sagulitsa n'komwe?

Yankho lake ndi sayansi. Mu 1973, katswiri wa zamalonda wa ku America, Philip Kotler, analemba kuti malo ogulitsira ndi mbali ya malonda. Kuwala, mitundu, nyimbo ndi fungo zikhoza kukonzedwa dala kuti munthu agule. M'phunziro lino ndikufuna tione mmene zokongoletsa zimagwirira ntchito zitatu: kukoka diso lanu, kukuchedwetsani mkati, ndi kukukumbutsani zosangalatsa.

Ntchito yoyamba: kukoka diso

Amene mwaphunzira za diso mu Biology mukukumbukira retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Pakati pake mpamene timaonera zinthu bwinobwino ndi mitundu yake. M'mphepete mwake simuoneka zinthu bwino kwenikweni, koma mumazindikira msanga chilichonse chosuntha kapena chothwanima. Chinthu chikagwedezeka cham'mbali, mutu umatembenuka musanaganize n'komwe. Khalidwe limeneli ndi limene limapulumutsa munthu njoka ikamakwawa mu udzu.

Tsono nyali yongoyaka phee, ubongo umaizolowera n'kusiya kuilabadira, monga mmene simumvera kulira kwa wotchi ya pakhoma mukakhala m'chipinda kwa kanthawi. Koma nyali yoyaka ndi kuzima imauza ubongo mobwerezabwereza kuti pano pasintha china chake. N'chifukwa chake tinyali ta Khrisimasi timathwanima. Kuzolowera komweku kukutithandizanso kumvetsa mphamvu ya zokongoletsa za nyengo imodzi. Zikanakhala pomwepo chaka chonse, bwenzi tikungodutsa osaziona.

Nyali zamagetsi za pamtengo wa Khrisimasi zinayamba ndi munthu wamalonda. Mu 1882, Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison pa bizinesi ya magetsi, anaika mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu pamtengo kunyumba kwake ku New York. Nthawi imeneyo anthu ankaika makandulo pamitengo, zomwe zinkayambitsa moto kawirikawiri. Lero ambiri amagwiritsa ntchito nyali za LED, zimene zimadya magetsi ochepa ndipo sizitentha kwambiri, choncho ngakhale golosale yaing'ono ikhoza kuzikwanitsa.

Nanga mtundu wofiira ndi wobiriwira? Mitsempha ya diso imatumiza uthenga wa mitundu iwiriyi ngati adani okokana chingwe. Yesani izi: yang'anitsitsani pepala lofiira kwa masekondi 30 osasuntha maso, kenako yang'anani pepala loyera. Muona chithunzithunzi chobiriwirako. Maselo olandira kuwala kofiira atopa, ndiye mbali inayo yapambana kwa kanthawi. Mitundu yotsutsana chotere ikaikidwa pamodzi, uliwonse umaoneka wowala kwambiri. Mpira wofiira pamtengo wobiriwira umaonekera patali.

Ntchito yachiwiri: kukuchedwetsani

Mwalowa. Tsopano mwini sitolo akufuna musatuluke msanga, chifukwa mukamayendayenda nthawi yaitali mumaona katundu wambiri, ndipo mwayi woti muponye china m'basiketi umakula.

Mu 1982, Ronald Milliman anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'sitolo ina yaikulu ya zakudya ku America. Masiku ena ankaika nyimbo zothamanga, masiku ena zodekha. Pa nyimbo zodekha anthu ankayenda pang'onopang'ono, ndipo ndalama zolowa pa tsiku zinakwera ndi pafupifupi 38 peresenti poyerekeza ndi masiku a nyimbo zothamanga. Mu 1986 anafalitsa kafukufuku wina wa mu lesitilanti. Kumeneko nyimbo zodekha zinachititsa anthu kukhalitsa patebulo ndi kugula zakumwa zambiri.

Ganizirani lesitilanti yokongoletsedwa: tinyali tofewa, nsalu zofiira pamatebulo, kamtengo pakona pomwe banja lingajambulitsepo. Zonsezi zikukuuzani kuti musapupulume. Ndipo mukajambula chithunzi n'kuchiika pa WhatsApp kapena Facebook, mwaitsatsira malonda lesitilantiyo popanda kukulipirani.

Ntchito yachitatu: kukukumbutsani

Apa mpamene pali nkhani yaikulu. Uthenga wa fungo uli ndi njira yachidule yofikira mbali za ubongo zotchedwa amygdala ndi hippocampus, zimene zimagwira ntchito pa mmene timamvera mumtima ndi pa kukumbukira. N'chifukwa chake fungo la mpunga ndi nkhuku yokazinga likhoza kukubwezerani pa Khrisimasi ya muli ku pulayimale, mutavala malaya atsopano, botolo la Fanta lili m'manja.

Mukumukumbukira Ivan Pavlov ndi agalu ake? Ankawamvetsa phokoso linalake asanawapatse chakudya, mpaka agaluwo anayamba kuchucha dovu akangomva phokosolo. Ubongo umalumikiza zinthu zimene zimabwera pamodzi kawirikawiri. Chaka ndi chaka tinyali ndi nyimbozi zakhala zikubwera limodzi ndi tchuthi, chakudya chabwino ndi kubwera kwa achibale. Tsopano mukangoziona, mtima umayamba kusangalala, ndipo munthu wosangalala sachedwa kumasula dzanja.

Izi zikuyankhanso funso lina. Kwathu kuno Disembala ndi mwezi wotentha ndi wa mvula, koma m'mawindo mumapezeka thonje loyerekeza chipale chofewa cha ku Ulaya ndi America. Ambirife chipalecho sitinachikhudzepo. Komabe thonjelo limagwira ntchito, chifukwa chizindikiro sichifunika kufanana ndi moyo wathu. Chofunika n'chakuti tinachiphunzira.

Koma zizindikirozo ziyenera kugwirizana. Mu 2005, Eric Spangenberg ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti fungo la Khrisimasi likaphatikizidwa ndi nyimbo za Khrisimasi, anthu ankaikonda kwambiri sitoloyo. Fungo lomwelo likabwera ndi nyimbo wamba, silinkathandiza. Kungounjika zokongoletsa sikokwanira.

Makampani ena anafika mpaka popanga mwambo. Kuyambira 1931, Coca-Cola inkatsatsa malonda ndi zithunzi za Father Christmas wonenepa, womwetulira, wovala zofiira, zojambulidwa ndi Haddon Sundblom. Zovala zofiirazo zinalipo kale m'zithunzi zina, koma zotsatsazi zinazifalitsa kutali. Ku Japan, kumene Akhristu ndi ochepa kwambiri, KFC inayambitsa mu 1974 kampeni ya dziko lonse yolimbikitsa kudya nkhuku yake pa Khrisimasi. Ziboliboli za Colonel Sanders za pakhomo pa malo odyerawa amaziveka ngati Father Christmas, ndipo lero mabanja ambiri amaitanitsiratu nkhukuyo kudakali masabata.

Ndiye zikutikhudza bwanji?

Ndinene mosabisa: zokongoletsa sizikukakamizani kugula. Zimangopendeketsa sikelo pang'ono. Komanso zimene zinapezeka m'sitolo imodzi ku America sizitanthauza kuti sitolo iliyonse idzapeza 38 peresenti yomweyo. Wasayansi wabwino amafunsa kuti kafukufuku anachitikira kuti, pa anthu angati, ndipo anabwerezedwa kapena ayi.

Komabe kupendekeka pang'onoko kumamveka m'thumba. Khrisimasi ikangodutsa, Januwale amabwera ndi fizi, makope ndi thiransipoti yobwerera kusukulu, pomwe chimanga m'nyumba zambiri chili kumapeto. Ndalama imene yapita pa bokosi la mabisiketi lomangidwa kansalu kofiira ndi yomweyo imene ikanagula makope. Mukatumidwa kokagula zinthu, lembani mndandanda musanachoke kunyumba ndipo musapite ndi njala. Mukaona katundu wokutidwa bwino, yerekezani mtengo ndi kulemera kwake ndi wa m'paketi wamba. Mukafika polipira, pomwe amaika maswiti ndi tizinthu tating'onoting'ono, dzifunseni ngati munachifuna chinthucho musanalowe. Kusangalala ndi tinyali n'kwaulere, ndipo palibe cholakwika.

Yesani nokha pa tchuthi

Ngati kwanu kapena kwa achibale kuli golosale kapena okala, pemphani chilolezo muchite kafukufuku. Madzulo ena yatsani tinyali tothwanima, madzulo ena titsekeni, mosinthanasinthana kwa masiku 10. Tsiku lililonse, pa ola lomwelo, werengani anthu odutsa ndi anthu olowa kwa mphindi 30. Musasinthe mitengo kapena kayalidwe ka katundu, ndipo lembani ngati kunagwa mvula, ngati magetsi anazima, kapena ngati linali tsiku la msika. Pomaliza, pezani peresenti ya olowa pa masiku a nyali ndi pa masiku opanda nyali.

Musanayambe, lembani zimene mukuganiza kuti zichitika. Kenako yankhani mafunso awa: n'chifukwa chiyani tikugwiritsa ntchito peresenti m'malo mwa chiwerengero cha olowa okha? Nanga Khrisimasi ikamayandikira anthu ogula n'kumachuluka okha, kusinthanasinthana masiku kukutiteteza bwanji ku yankho lolakwika? Zotsatira zanu mukazionetse kwa aphunzitsi anu a sayansi sukulu ikatsegulidwa.