PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Ndiwo za kumudzi zisakugwetseni m'mavuto pa Heathrow

Abale ndi alongo, nyengo ya tchuthi ikamayandikira timalandira mafunso ambiri okhudza ndiwo. Wina akufuna kubwera ndi chambo choundana cha ku Mangochi, wina watumidwa nyama ya mbuzi ndi anzake a ku Woolwich, winanso akuganiza zoyamba kabizinesi koitanitsa nsomba. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tsono tiphunzire limodzi.

Chakudya cha mufiriji chikamadutsa malire a mayiko chimakumana ndi zipata ziwiri. Chipata choyamba ndi lamulo, chachiwiri ndi kuzizira. Ambiri timangoganiza za choyamba, pomwe chachiwiricho ndi chimene chimagoneka anthu m'chipatala.

1. Lamulo likuti chiyani?

Munthu wochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa saloledwa kulowa mu England, Scotland ndi Wales ndi nyama ya mtundu uliwonse. Kaya ndi youndana, yowamba, yootcha kapena ya m'chitini, yankho ndi lomwelo. Biltong ya ku Joni ndi nyama, soseji ndi nyama, mbewa nazonso ndi nyama basi. Mkaka, chambiko, tchizi ndi batala ndi zoletsedwanso, kupatula mkaka waufa wa makanda ndi chakudya cha odwala, zosapitirira makilogalamu 2, zosatsegula komanso zosafunika firiji.

Nsomba ndiye zili ndi mwayi. Munthu mmodzi akhoza kubwera ndi makilogalamu osapitirira 20. Nsomba yaiwisi iyenera kukhala yotumbula, matumbo onse atachotsedwa. Zouma ndi zowamba, monga usipa, utaka, matemba ndi mlamba, ndi zololedwa. Uchi malire ake ndi makilogalamu 2. Masamba aawisi ndi zipatso zambiri zimafuna chiphaso chochokera ku boma la kumene zachokera chotsimikiza kuti zilibe matenda, ngakhale mango, nthochi ndi chinanazi sizifuna chiphasocho.

Dziwaninso kuti pa 12 April 2025 boma linaletsa apaulendo kubwera ndi nyama ya ng'ombe, nkhumba, nkhosa ndi mbuzi komanso za mkaka kuchokera ku mayiko a EU. Choncho musati poti mwadzera ku Paris kapena Amsterdam ndiye zatheka ayi. Malamulowa amasintha, ndiye musananyamuke onani pa gov.uk.

Ngati mukukayika ndi katundu wanu, dzerani njira yofiira ija ndi kuwauza a Border Force zimene mwanyamula. Akapeza choletsedwa amalanda n'kukachiwononga, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mukabisa n'kugwidwa, chindapusa chake mu England chimatha kufika £5,000, mwinanso kukaonekera kukhoti. Kwa ife amene tikukhala kuno ndi viza, mlandu si chinthu chosewera nacho.

2. N'chifukwa chiyani amalimbitsa chonchi?

Ena amati ndi tsankho chabe, koma nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Mu February 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anapezeka pa malo ophera ziweto ku Essex, pafupi ndi London pompano. Atafufuza anapeza kuti anayambira pa famu ya nkhumba ku Northumberland, kumene nkhumba zinkadyetsedwa zotsala za chakudya cha anthu. Pofika kumapeto, ziweto zoposa 6 miliyoni zinali zitaphedwa. Amene munawetako nkhumba kumudzi mukudziwa mmene chigodola chimasesera khola lonse m'masiku ochepa. Tizilombo ta matenda ngati amenewa sitifa ndi kuzizira. Nyama youndana imatisunga bwinobwino kwa miyezi, n'chifukwa chake mawu oti "komatu ndinaiumitsa mufiriji" sathandiza pa bwalo la ndege.

3. Chipata chachiwiri: kuzizira

Tinene kuti chambo chanu ndi chotumbula ndipo sichikupitirira makilogalamu 20. Lamulo lakulolani. Funso ndi lakuti, kodi chifika chili bwino?

Chakudya choundana chimayenera kukhala pa -18°C. Cha mufiriji wamba chimafuna pakati pa 0 ndi 5°C, ndipo lamulo la kuno limati ogulitsa asachisunge pamwamba pa 8°C. Kupitirira apo, tizilombo timayamba kuswana, tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kuundana sikupha tizilombo, kumangotigoneka tulo. Nsomba ikasungunuka timadzuka, ndipo kuibwezera mufiriji sikufufuta zimene zachitika panjira.

Tsopano werengani ulendo wake. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena Blantyre molunjika ku London. Mumadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Onjezani msewu wochokera kunyanja, kudikira pa Kamuzu kapena pa Chileka, sutikesi itakhala padzuwa poyembekeza kukwezedwa, kenako Piccadilly line mpaka kwanu. Tsiku lathunthu limatha. Nyuzipepala ndi majumbo sizingasunge nsomba pa -18°C kwa nthawi yonseyo.

Fungo si mboni yodalirika. Kachilombo ka listeria kamaswana ngakhale mufiriji, chakudya chikuoneka chabwinobwino, ndipo n'koopsa kwambiri kwa amayi oyembekezera, makanda ndi okalamba. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira ndi kachilomboka, kamene kanafalikira kudzera mu poloni.

Ena amagwiritsa ntchito dry ice. Makampani a ndege amalola makilogalamu 2.5 pa munthu, mutawapempha kaye, m'bokosi lotha kutulutsa mpweya. Musaigwire ndi manja opanda magolovesi, imawotcha khungu.

4. Nanga nsomba zoundana za ku Peckham zimafika bwanji?

Ambiri a inu mumagwira ntchito m'mawerehausi ozizira a ku Park Royal ndi kufupi ndi Heathrow, ndiye mbali ina mukuidziwa. Katundu wogulitsa amabwera m'makontena okhala ndi firiji yakeyake, yolumikizidwa ku magetsi a sitima, ndipo kamakina kamalemba kuzizira kwake ulendo wonse. Dziko lochokerako ndi fakitale yake ziyenera kukhala pa mndandanda wovomerezedwa ndi boma la UK. Pamafunika chiphaso cha zaumoyo, ndipo woitanitsa amadziwitsiratu boma pa kompyuta kudzera pa IPAFFS katundu asanafike. Pa madoko a Tilbury ndi London Gateway, akuluakulu a London Port Health Authority amaona mapepala ndi katunduyo. Wolephera amabwezedwa kapena kuwonongedwa, ndipo amalipira ndi mwini wake.

Apa tikumvetsa zinthu ziwiri. Choyamba, makilogalamu 20 aja ndi odya inu ndi banja lanu, osati ogulitsa kutchalitchi kapena pa WhatsApp. Chachiwiri, werengani paketi musanagule. Nsomba zambiri zimene timazitcha chambo m'mashopu a ku Peckham ndi Brixton ndi tilapia woweta m'madamu a ku Asia, makamaka China.

5. Zoyenera kuchita

Nyamulani zouma ndi zowamba, siyani zaziwisi. Makolo athu anapeza kale njira yosungira nsomba popanda magetsi, ndipo lamulo la kuno likuivomereza.

Musalandire phukusi lomatamata la munthu wina, ngakhale atakhala apongozi. Litseguleni pamaso pawo. Chimene chili m'sutikesi yanu ndi mlandu wanu.

Auzeni achibale kumudzi asatumize nyama pa positi, chifukwa nayonso imalandidwa.

Nsomba yoti inali youndana ikafika yofewa, ikuchucha madzi komanso yosazizira, tayani. Ndalama zimapezeka.

Mafunso okambirana pagulu

a) Mlongo wanu wakupakirirani usipa makilogalamu 5, mang'ina oundana ndi botolo la chambiko. Ndi ziti zimene mungalowe nazo?

b) N'chifukwa chiyani kubwezera nsomba yosungunuka mufiriji sikuichiritsa?

c) Mungamukanire bwanji mwaulemu munthu wamkulu amene wakutumani phukusi lomata?

Amene zikukuvutani kuwerenga malamulo a pa gov.uk m'Chingerezi, bwerani ku ofesi musanagule tikiti, tidzawerengera limodzi.