Katoni ya sopo yomwe ikuyendetsa gulu lathu

Anzanga, teremu yatha nazale ya tomato ya gulu lathu la Agriculture inauma yonse. Tilipo asanu ndi mmodzi, koma Lachisanu lina, dzuwa la Okutobala lili phwee, palibe anathirira. Ine ndinkati ndi tsiku la mnzanga, iyenso ankati ndi langa. Pofika Lolemba mbande zonse zinali zitagona, chonsecho mbewuyo tinachita kusonkherana ndalama. Aphunzitsi sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ntchitoyi inali ya ndani?" Tonse zii.

Ndiye tinapanga bolodi, ndipo nanunso mutha kupanga. Sipafunika foni. Pemphani katoni ya sopo pagolosale, muitambasule, mujambule mizere iwiri yotsika kuti pakhale zigawo zitatu: ZOTI TICHITE, TIKUCHITA, TATHA. Dulani timapepala m'kope lakale. Pa kapepala kalikonse lembani ntchito imodzi, dzina la munthu mmodzi ndi tsiku. Mapini tilibe, timabaya ndi minga ya mthethe. Ntchito ikayamba, kapepala kamapita pakati. Ikatha, kamapita kumapeto.

Poyamba tinalakwitsa. Tinalemba kuti "kusamalira dimba, tonse". Kapepalako kanakhala pakati sabata zitatu osasuntha, chifukwa kusamalira dimba sikutha, ndipo "tonse" si dzina la munthu. Pano timalemba chonchi: "kuthirira bedi lachiwiri, makeni anayi, Lachitatu m'mawa". Winanso, sindimutchula, ankathamangitsa timapepala take ku TATHA asanagwire n'khasu lomwe. Tinagwirizana kuti wosuntha kapepala komaliza akhale wina, atakaona yekha ndi maso.

Nzeruyi si yathu ayi. Inachokera ku Japan, kufakitale ya magalimoto ya Toyota, komwe injiniya wina, Taiichi Ohno, anaikhazikitsa cha m'ma 1950. Amaitcha kanban, kutanthauza chikwangwani. Kumeneko makadi ankauza antchito kuti apange zipangizo zokhazo zomwe zikufunika, osangounjika. Lero opanga mapulogalamu a kompyuta amagwiritsa ntchito njira yomweyi, ndipo ali ndi lamulo lomwe ifenso tatengera: munthu asakhale ndi ntchito zambirimbiri zoyamba koma zosamaliza. Kwathu malire ndi timapepala tiwiri.

Phindu lake ndaliona miyezi ino ya fodya. Kuno kwa Mwase mukudziwa nokha, ena timajomba chifukwa chothyola, kusoka ndi kupachika fodya m'chigafa, ndipo makolo sungawauze kuti dikirani kaye. Sabata yatha bambo anandiuza usiku kuti Lachinayi sindipita kusukulu. Lachitatu ndinapatsa mnzanga kapepala kanga kopalira, iye n'kufufuta dzina langa, n'kulemba lake. Ine ndidzamubwezera Lachiwiri.

Tayambanso kulemba mitu ya Biology yoti tibwereze JCE isanafike. Bolodilo lili kuseri kwa chitseko cha Fomu 2. Bwerani mudzaone pa buleki, koma chonde musazule minga. Ndipo amene ali ndi katoni yolimba atithandize, yathuyi chiswe chayamba kale kudya ku TATHA.