Caka Catsopano: Yambirani Kunsi kwa Bedi

Maphwando atha, alendo abwerera kwao, ndipo ana ali pafupi kutsegulira sukulu. Sabata ino tikambirane za nchito imene abambo ambiri amati ndi ya amai okha, ndiyo kucotsa zinthu zosafunika m'nyumba ndi kuika ciliconse pamalo pake. Ine sindine mphunzitsi wa zokongoletsa nyumba ai. Ndilankhula monga munthu amene ndimaona odwala tsiku ndi tsiku, ndipo ndaona kuti ambiri amene amabwera kwa ife mu Januwale, matenda ao anayambira kunsi kwa bedi, pa windo, kapena kuseri kwa nyumba.

Caka cina, patangopita masiku atatu caka citayamba, anabwera nako kamwana ka zaka ziwiri kakupuma mobanika. Pa phwando panatsala mabotolo ambiri a zakumwa, ndipo atate ake anathira parafini m'botolo limodzi naliika pansi pafupi ndi citseko. Mwana anaona botolo limene anamweramo dzulo lake, namwa. Ambuye ake, kaamba ka cikondi, anamupisa cala kukhosi kuti asanze. Pamenepo ndi pamene panaonongeka zinthu. Parafini akakhala m'mimba sapweteka kwambiri, koma posanza amalowa m'mapapo ndi kuyambitsa cibayo. Mwanayo anacira, koma anagona m'cipatala sabata yathunthu, ndipo amai ake anasiya malonda ao pa msika masiku onsewo.

Cotero nchito yathu iyambe ndi mabotolo. Parafini, petulo, Jik, mankhwala a makoswe ndi opopera ndiwo za kudimba, zonsezi zisakhale m'botolo la zakumwa kapena m'cigubu ca maheu. Zikhale m'zotengera zake, zotseka bwino, pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pa mpando, ndiponso kutali ndi ufa ndi mcere. Ngati ngozi yacitika, musamusanzitse mwana, musamupatse mkaka, mazira aawisi kapena mafuta ophikira. Thamangani naye ku cipatala ngakhale aoneke bwino, pakuti cibayo ca parafini cimayamba kuonekera patapita maola. Nyamulani botololo kuti tidziwe cimene wamwa.

Tsono tibwere ku pepala la pulasitiki limene lili m'nyumba iliyonse, lodzala ndi timapaketi ta mankhwala otsala. Likhuthuleni pa tebulo masana, muone cimodzi-cimodzi. Pa bokosi kapena pa botolo pali mwezi ndi caka cimene mankhwalawo athera mphamvu. Amene tsiku lake lapita, amene asintha mtundu, amene afumbutuka kaamba ka cinyezi, ndi amene zolemba zake zafufutika kotero kuti simudziwa kuti anali a ndani, aikeni pambali. Mankhwala a ufa a ana amene timasungunula ndi madzi, monga amoxicillin, sakhalitsa akasungunulidwa. Ena sabata imodzi, ena ziwiri, monga alembera pa botolo. Mankhwala odontheza m'maso asapitirire milungu inai mutatsegula. Musataye zonsezi pa dzala pamene ana amasewera akutola-tola, koma bwerani nazo kwa ogawa mankhwala ku kiliniki kwanu.

Pali cina cimene pepala limeneli limaulula. Mukapezamo Coartem wotsala, ndiye kuti wina m'nyumbamo sanatsirize mankhwala ake a malungo. Coartem amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo safunika kutsala ngakhale mbulu umodzi. Ambiri amaleka tsiku laciwiri thupi likazizira, nasunga otsalawo kuti adzathandize wina. Wina uja akadzadwala amwa theka la mankhwala popanda kupimitsa magazi, ndipo kawiri-kawiri amafika kwa ife matenda atakula. Amai apakati, mapiritsi oonjezera magazi amene mumalandira ku sikelo ndi abwino kwa inu, koma kwa mwana wamng'ono ndi poizoni woopsa akamwa ambiri, ndipo amaoneka ngati maswiti. Asakhale m'cikwama ca m'manja cimene mwana amaseweretsa.

Kunsi kwa bedi ndi pamwamba pa kabati ndi kumene kumakhala makatoni, masaka, nsapato za mbali imodzi ndi wailesi imene inafa zaka zisanu zapitazo. Ndidziwa cifukwa cake timasunga. Zinthu ndi zodula, ndipo munthu amati tsiku lina zidzagwira nchito. Sindikuuzani kutaya cimene cili ndi phindu. Koma funsani kuti, kodi cinthu ici tinacigwira caka cathaci? Ngati iai, cigulitseni, cipatseni wina, kapena citayeni. M'nyumba ya zipinda ziwiri mokhala anthu asanu ndi awiri, katoni iliyonse ndi nyumba ya makoswe, mphemvu ndi nsikidzi, ndipo m'nyengo ino ya mvula imacita nkhungu imene imadzutsa cifuwa ca asima mwa ana. Zovala za malemu zimene zakhala m'saka kuyembekezera acibale, kambiranani pa banja kuti zigawidwe. Kuzisunga kufikira zitadyewa ndi njenjete sikulemekeza amene anatisiya.

Samalani kwambiri ndi mawindo. Ndalowa m'nyumba zambiri mmene windo inatsekedwa ndi kabati kapena makatoni, ndipo timazenera ta mphepo tinatsekedwa ndi nsanza. Mpweya ukapanda kuyenda, cifuwa cacikulu ca TB cimafalikira mosavuta kwa onse ogona m'cipindamo. Ndiponso mvula ikamagwa timalowetsa mbaula m'nyumba. Malasha amatulutsa mpweya woipa umene sununkha ndipo suoneka, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Mbaula isagone m'nyumba.

Panja, ambiri amayamba ndi kucheca udzu, nati tathana ndi udzudzu. Kucheca udzu ndi kwabwino kaamba ka njoka ndi makoswe, koma udzudzu suswana mu udzu kapena m'cimanga. Umaswana m'madzi oima, ndipo kucokera pa dzira kufikira udzudzu wouluka pamapita sabata imodzi kapena ziwiri cabe. Wa malungo umakonda zithaphwi zoombedwa ndi dzuwa, maenje amene munaumbamo njerwa ndi mmene mwadutsa matayala a galimoto. Kwirirani amenewa. Zitini, matayala akale ndi mabeseni osweka zimaswa mitundu ina ya udzudzu imene imatisowetsa tulo, cotero zibooleni, zivundikireni kapena zicotseni. Neti imene inagawidwa kuti mugonemo, ngati ikali m'pepala lake kapena yamangidwa ku khola la nkhuku, caka cino ibwerere pa bedi.

Vuto la m'makomboni athu ndi lakuti pa yadi imodzi pamakhala mabanja anai kapena asanu a lendi, ndipo dzala ndi cimbudzi zilibe mwini. Aliyense amasesa pakhomo pake nakankhira zinyalala kwa mnzake. Khalani pansi pamodzi ndi eni nyumba, mugawane masiku. Tisaiwale za kolera imene inayamba mu Okutobala 2023. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko muno, oposa 700 anamwalira, bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Mvula ikasefukira, zonyansa za m'cimbudzi zimalowa m'zitsime zosazama ndi kufika pa khomo la khichini.

Cifukwa cake, pokonza m'khichini patsani madzi akumwa malo aoao, pamwamba, kutali ndi madzi ocapira. Cigubu cokamwa pang'ono ciposa ndowa, pakuti m'ndowa aliyense amapisamo kapu pamodzi ndi zala zake. Citsukeni mkati ndi sopo, thirani klorini monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo yembekezani mphindi 30 musanamwe. Ngati klorini palibe, wiritsani madziwo.

Pa malo amene mwacotsa mankhwala akale, ikanipo mapaketi awiri kapena atatu a ORS. Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo otsala atayidwe pakapita maola 24. Ngati mapaketi atha usiku, m'lita imodzi thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Wotsegula m'mimba ayambe kumwa ali kunyumba, ndipo apitirize kumwa panjira pobwera ku cipatala.