Konzani Kuseri kwa Nyumba Popanda Ndalama

Alimi a ku Petauke ndi ku Nyimba, tayang'anani kuseri kwa nyumba zanu. Pabwalo losesedwa mbee tsiku ndi tsiku, mvula yoyamba ya mu November ikokolola nthaka, ndipo tsinde la cipupa liyamba kudyeka. Kuletsa zimenezi sikulira ndalama ai.

Coyamba, okani kapinga pamene pagwera madzi a padenga, pakuti mizu yace igwira nthaka.

Caciwiri, kumbani dzenje pothera madzi a m'bafa, thiranimo manyowa a m'khola, nimuokemo mphukira ya nthoci. Mbeu siisowa, makamaka ku Nyimba kumene nthoci zigulitsidwa pa mseu wa Great East Road. Pemphani kwa mnansi.

Cacitatu, bzalani papaya, pakuti abala patapita caka cimodzi. Mango akhale mayadi 10 kucokera panyumba, cifukwa mtengo wace umakula kwambiri.

Potsiriza, cingani mbuzi ndi mpanda wa nthambi za nkhadze, koma cenjezani ana kuti utomoni wace uononga maso.

Yambani mvula isanagwe, kuti cipupa canu cilimbe ndipo ana adye zipatso pakhomo.